Mwanabere wosapweteka: zoyenera kuchita chilonda cha pakhungu chikakana kupola

Azakhali anga amalima mpunga cha ku Lifuwu, ndipo nsapato amazikumbukira Lamulungu lokha. Kadontho kakuda katatuluka pachidendene chawo chakumanja, iwo ankati ndi chitsa chimene adaponda kumunda. Mvula idagwa, mpunga udakololedwa, kadontho kali pomwepo. Kenaka kadayamba kufutukuka n'kumatuluka timagazi akayenda mtunda, komabe sadatekeseke. Chidawatumitsa uthenga kwa ine ndi kanthu kolimba ngati nzama kamene adakakhudza m'mphechepeche posamba.

"Iwe mwana wa achimwene, mwanabere ndimamudziwa ine, amapweteka mpaka munthu kutsimphina. Nanga uyu wangoti zii bwanji?"

Ine si dokotala. Ndidali gadiyani wawo kuchokera ku Salima mpaka ku Lilongwe, ndipo zimene ndalemba pano, zokhudza khansa ya pakhungu ndi anabere, ndidaziphunzira pofunsa, podikira pabenchi, ndiponso polakwitsa.

Mvetsani kaye ntchito ya mwanabere

Kupatula mitsempha ya magazi, m'thupi muli timitsempha tina tating'ono kwambiri tonyamula madzi oyera otsalira m'minofu. Madziwo asanabwerere m'magazi amadutsa m'timibulu tokhala ngati nyemba, tomwe tilipo mazanamazana m'thupi lonse. Timibulu timeneti ndiye anabere. Aliyense ali nawo chibadwire, kungoti timati "ndatuluka mwanabere" pamene mmodzi watupa mpaka kumveka ndi chala.

Ife a kunyanja timaudziwa mono wotcheredwa mumtsinje, ndipo mwanabere ali ngati mono umenewo. Chilichonse chobwera ndi madzi chimakodwa m'menemo, kaya ndi tizilombo tochokera pabala, kaya ndi maselo a khansa amene athothoka pachotupa. Ndipo mono umagwira za mtsinje wake womwewo. Madzi a kuphazi ndi mwendo amapita m'mphechepeche mwa mbali yomweyo, nthawi zina n'kuyamba aima kuseri kwa bondo. A dzanja ndi mkono amapita m'khwapa. A kumutu, kunkhope, khutu ndi mlomo amapita kutsogolo kwa khutu, kunsi kwa chibwano ndi m'khosi. Posokoneza ndi kumsana ndi pamimba: kumtunda kwa mchombo nthawi zambiri amapita m'khwapa, kumunsi kwake amapita m'mphechepeche, ndipo chilonda cha pakatikati chikhoza kutumiza mbali zonse ziwiri.

Madokotala amalimbikira pa mwanabere chifukwa khansa ikafika pamenepo thandizo limasintha. Kudula chilonda chokha sikukwananso. Pa khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, ikapezeka mwa mwanabere wapafupi amati ili pa siteji 3, pomwe siteji 4 ndi pamene yafika kutali monga m'mapapo, m'chiwindi kapena mu ubongo. Kusiyana kwa 3 ndi 4 n'kwakukulu, ndipo nthawi zambiri chimasiyanitsa ndi miyezi imene munthu adakhala kunyumba akuyembekeza kuti ziphwa zokha.

Yang'anani chilondacho, n'chamtundu wanji

Khansa ya pakhungu si imodzi, ndipo sizithamangira kwa mwanabere mofanana.

Ya azakhali inali melanoma. Kwa ife akhungu lakuda imakonda malo amene dzuwa silifikako n'komwe: kunsi kwa phazi, pachidendene, pachikhatho, kunsi kwa chikhadabo. Kadontho kake kamakhala kosazungulira bwino, kanyukunyuku m'mphepete, kosakanizika mitundu, kokula kuposa mamilimita 6, ngati njere ya nandolo, ndipo kamasintha miyezi ikamapita. Mzere wakuda wa pachikhadabo umene ukukula mpaka kudetsa khungu la m'mbali nawonso ndi wokaonetsa. Okonda reggae amadziwa kuti ya Bob Marley idayambira kunsi kwa chikhadabo cha chala chakuphazi mu 1977, iye n'kumwalira mu 1981 ali ndi zaka 36. Amene amati khansa ya pakhungu ndi ya azungu okha azikumbukira zimenezo.

Ina ndi squamous cell carcinoma, yomwe ikuvutitsa kwambiri abale athu achialubino. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo dzuwa la Okutobala la kuno, lobwereranso kuchokera pamadzi ndi pamchenga, silichitira chisoni khungu lawo. Imayamba ngati kachigamba kokhakhala kosatha, pankhope, pakhutu, pamlomo, pakhosi kapena pamkono, kenaka n'kukhala chilonda cholimba m'mphepete, chochita nkhanambo n'kumatuluka magazi. Khansa yomweyi imameranso pachipsera chakale cha moto kapena pachilonda cha pamwendo chimene chakhala zaka osapola, ngakhale kwa munthu wakuda bii. Munthu wakhunyu amene adagwera pamoto ali mwana akhoza kuona chipsera chikutseguka patapita zaka 20 kapena 30. Zambiri zazing'ono zimapezeka zisanafalikire, koma chiopsezo chimakwera chilonda chikaposa masentimita 2, chikakhala pamlomo kapena pakhutu, chikamera pachipsera, kapena chitetezo cha m'thupi chikakhala chotsika.

Basal cell carcinoma imadya pamalo pomwe yamera, ndipo kupita kwa mwanabere n'kwa apo ndi apo kwambiri. Kaposi, ija ya zigamba zakuda m'miyendo ndi m'kamwa ndi kutupa miyendo, imayenda kawirikawiri ndi HIV, ndipo thandizo lake ndi ma ARV ndi kemo, osati kuchotsa anabere. N'chifukwa chake akakupemphani kuyezetsa magazi musakhumudwe, yankho lake limasintha njira yonse.

Chilonda chilichonse chimene chatha masabata 4 chikutsukidwa koma osapola, chikaonetsedwe.

Fufuzani ndi zala, kamodzi pamwezi

Gwiritsani ntchito nsonga za zala zitatu zapakati, mukusisita mozungulira pang'onopang'ono. Posamba ndi sopo zala zimaterera bwino. Yambani kutsogolo ndi kuseri kwa khutu, tsikani kunsi kwa chibwano, m'mbali mwa khosi, mpaka m'kadzenje kamene kali pakati pa khosi ndi phewa. Pofufuza m'khwapa mkono ukhale wofewa, osaukweza m'mwamba ngati wolumbira. Lowetsani zala mpaka pamwamba, n'kutsika mukukanikiza kunthiti. M'mphechepeche mumamveka bwino munthu atagona chagada: tsatirani mzere wopindikira mwendo, kenaka tsikani pang'ono mkati mwa ntchafu. Nthawi zonse yerekezani ndi mbali inayo.

Mukapeza kanthu, lembani m'buku la kuchipatala tsiku, malo ndi kukula kwake. Ngati mulibe lula, mbewu zimathandiza: nandolo, mtedza, nzama, dzira la nkhunda. Musamakafinye tsiku ndi tsiku, kamatupa ndi kugwiragwirako.

Mwanabere wa bala wamba amakhala wofewa, wopweteka, wotentha, wothawathawa pansi pa chala, ndipo bala likapola nayenso amaphwa. Wokayikitsa amakhala wolimba, wosapweteka, wokula mwezi ndi mwezi, nthawi zina womatirira osasuntha kapena angapo ogwirana pamodzi. Azakhali adaona bwino. Komatu chala chimanama. Chilonda cha khansa nachonso chimalowa tizilombo, ndiye mwanabere akhoza kutupa ndi tizilombo tokha, kapena ndi zonse ziwiri. Anthu oyenda opanda nsapato nthawi zambiri amakhala ndi tianabere tolimba m'mphechepeche monse muwiri popanda vuto lililonse. TB nayo imatupitsa anabere a m'khosi osapweteka, chimodzimodzinso khansa ya anabere eniake yotchedwa lymphoma. Ngakhale dokotala wa zaka zambiri sangalumbire ndi dzanja lokha. Chimene chimagamula ndi kanyama koyezedwa ku labu.

Musateme, musaboole, musasende

Mwanabere wotere si chithupsa, mulibe mafinya oti mutulutse. Mphini zimangotsegulira tizilombo khomo. Kuthira ufa wa kapisolo kapena madzi a batire pachilonda kumangochiwotcha pamwamba, mizu ili gwa. Choipitsitsa ndi kusenda kadontho ndi lezala kunyumba: pa melanoma, chimene a ku labu amayeza ndi kuzama kwake, ndipo mukasenda mwafufuta umboni. Kupemphera pempherani ndithu, amayi a mvano ankabwera kudzawaimbira azakhali, koma buku la kuchipatala likhale m'chikwama.

Pitani kuchipatala, muonetse zonse ziwiri

Yambirani pafupi, kaya ndi ku Khombedza, Chipoka, Maganga kapena Lifuwu, kapena pachipatala chachikulu cha boma pa Salima. Tengani buku ndi mankhwala onse amene mukumwa, ma ARV, a shuga, a BP, ngakhale achikuda.

Apa ambiri timalakwitsa chifukwa cha manyazi. Mayi wachikulire amaonetsa phazi n'kubisa za m'mphechepeche, kapena bambo amadandaula mwanabere osavula nsapato. Dokotala akaona chimodzi chokha amalemba mankhwala a bala, nkhani n'kuthera pomwepo. Nenani kuti chilonda chidayamba liti, chasintha bwanji, mwanabere mudamuona liti, ndiponso ngati mukuwonda, kutsokomola, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku. Ngati mayi akuchita manyazi, pemphani kuti namwino wamkazi akhalepo.

N'zachidziwikire kuti poyamba angakupatseni maantibayotiki, makamaka chilonda chikakhala ndi mafinya. Imwani mumalize. Pakatha masabata awiri mwanabere osaphwa, bwererani kwa omwewo ndi buku lomwelo, osati kukayambiranso chipatala china kapena kukagula makapisolo ena kugolosale. Lankhulani mwaulemu koma mosapita m'mbali: "Adokotala, mankhwala aja amayiwa amaliza koma sizinasinthe. Kodi sizingatheke kutenga kanyama kuti kakayezedwe?"

Mukapatsidwa kalata yopita ku Kamuzu Central, funsani tsiku limene kiliniki yake imakhalako musanakwere minibasi. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo ngakhale thandizo la m'zipatala za boma ndi laulere, thiransipoti ndi chakudya n'zanu. Musapite nokha. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: wodwala akamva mawu akuti khansa makutu amatsekeka, ndiye pafunika wina womvera ndi kulemba. Abale achialubino afunsenso kwa a zaumoyo kapena a APAM, bungwe la anthu achialubino, za masiku a kiliniki ya khungu, chifukwa tizigamba tokhakhala tija amatha kutiumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri tisanasanduke khansa.

Lolani atenge kanyama

Madokotala amati biopsy, ife pabenchi timangoti kutenga kanyama. Usiku woti mawa lake atenge, mlamu wina adaimba foni kuti tisalole, chifukwa khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa. Mawu amenewa ali ponseponse, ndipo ndikumvetsa kumene adachokera. Anthu ambiri amafika mochedwa, khansa itayenda kale mwakachetechete. Amawadula, patapita miyezi iwiri n'kumwalira, achibale n'kuloza mpeni. Koma mpeniwo udangoulula zimene zinalipo kale. Kutenga kanyama sikufalitsa khansa, ndipo popanda iko palibe dokotala angayambe kemo kapena opaleshoni yaikulu mongoganizira.

Pachilonda amayamba ndi jakisoni wa dzanzi, wa lignocaine, woluma kwa kamphindi kochepa. Kenaka amatenga kachidutswa ndi kachitsulo kozungulira ka mamilimita ochepa, kapena kudula kagawo ka m'mphepete, kapena kuchotsa kadontho konse ngati n'kakang'ono. Akamakayikira melanoma yaing'ono amakonda kuchotsa konse kuti kuzama kuyezeke bwino. Ikakhala yaikulu ngati ya azakhali amatenga pamene yakhuthala kwambiri. Kawirikawiri sizipitirira theka la ola, simugona m'chipatala, ndipo simufunika kusala kudya. Auzeni ngati mumamwa asipirini kapena warfarin, ngati muli oyembekezera, kapena ngati jakisoni wina adakuyambitsanipo ziwengo. Musasiye nokha mankhwala aliwonse, makamaka ma ARV.

Kwa mwanabere njira zilipo zitatu. Yopepuka ndi FNA: singano yopyapyala ngati yotengera magazi, kukoka timaselo, kupaka pagalasi, basi. Ikapeza khansa, yankho lapezeka. Ikapanda kupeza kanthu koma mwanabere akukulabe, musasangalale msanga, singano ikhoza kuphonya. Afunika kubwereza kapena kupita njira ina. Yachiwiri ndi singano yokulirapo yodula kachingwe ka mnofu, nthawi zina akuyang'ana pa sikani. Yachitatu ndi kuchotsa mwanabere yense ku fiyeta. Akakhala wakuya amakugonetsani tulo, ndipo pamenepo ndiye simudya kwa maola 6 opaleshoni isanachitike.

Kanthu kena kamene ndidamva kwa namwino wina: ngati mwanabere ndi wa m'khosi ndipo TB nayo ikukayikiridwa, funsani asanayambe ngati atengenso kagawo koyeza TB. Kanyama ka khansa kamaikidwa m'mankhwala otchedwa formalin, ndipo kamene kalowa m'menemo sikayeneranso makina oyezera TB a GeneXpert. Ka TB kamasungidwa pakokha. Kufunsa kamodzi kumapulumutsa kudulidwa kawiri.

Musachoke musanadziwe kumene botolo likupita

Ngati pali gawo limene ndikufuna mulisunge, ndi ili. Anthu timaopa kudula, koma ambiri amatayika pambuyo pa kudula. Bala limapola, munthu amabwerera kumudzi, amayesa kuti poti kadontho kachoka ndiye wachira, pomwe pepala lonena zoona lili m'faelo kwinakwake.

Kanyama sikayezedwa ngati malungo. Kamayamba kaumitsidwa mu formalin, kuikidwa mu phula, kusendedwa mopyapyala kuposa pepala, kupakidwa utoto, kenaka katswiri n'kukaona pa maikulosikopu. Labu yotere pa Kamuzu Central idatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi a UNC Project, a yunivesite ya North Carolina ya ku America. Kale zoterezi zinkadalira ku Blantyre. Akatswiri ake ndi ochepa m'dziko muno, choncho kudikira masabata angapo si chachilendo.

Musanatuluke, onetsetsani kuti m'buku mwalembedwa tsiku limene atenga, malo a pathupi pamene atenga, labu imene kakupita, chipinda chimene mudzatengere zotsatira ndi tsiku lobwerera. Ngati pali nambala ya botolo, ilembeni. Nthawi zina gadiyani amapatsidwa botolo kuti akasiye yekha ku labu. Zikatero onani kuti dzina ndi la wodwala wanu, chivindikiro n'chothina, ndipo kanyama kamira m'mankhwala. Musatsegule, musaike mufiriji youmitsa, musalisiye pamene ana angafike chifukwa formalin ndi poizoni. Kaperekeni pamodzi ndi fomu yake, wolandira alembe m'buku mwanu kuti walandira.

Ndiyeno nambala ya foni. Ine ndidapereka ya mdzukulu wa azakhali poganiza kuti ndiye amakhala nawo pafupi. Mnyamatayo adapita ku chilumba cha Mbenje kukapha utaka, foni n'kuthera moto komweko. Ife kuno tikuti akatiimbira, iwo uko akuimba foni yozima. Tidataya mwezi wathunthu ndi sabata, mwanabere uja n'kuchoka pa nzama kufika pa dzira la nkhunda. Mlandu unali wanga. Perekani manambala awiri, a anthu osayendayenda, ndipo tsiku likakwana musadikire foni, pitani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukapeza sizinatuluke, funsani tsiku lina, lilembedwe, mubwerenso.

Samalani bala

Likhale louma tsiku loyamba ndi lachiwiri. Likamatuluka magazi kanikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Ululu wake panado amakwana. Kunyanja, kudambo ndi m'matope a mpunga musalowemo mpaka ulusi utachotsedwa: kunkhope ndi pakatha masiku 5 mpaka 7, kwina 10 mpaka 14, ndipo wa kunsi kwa phazi umatha kukhalitsa kuposa apo. Bala likafiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena thupi likatentha, bwererani tsiku lomwelo.

Tsiku la zotsatira, funsani mpaka mumve

Safunsa adadya phula. Pepala limalembedwa m'Chingerezi cha madokotala, choncho pemphani akumasulireni m'Chichewa. Dzina la khansayo ndi chiyani? Ngati ndi melanoma, yazama mamilimita angati, ndipo pamwamba pake padatseguka chilonda? Mukaona mawu akuti margins, akunena za m'mphepete mwa chimene adadula, ngati mwayera kapena mwatsalira khansa. Pa mwanabere, mawu akuti reactive akutanthauza kuti adangotupa polimbana ndi tizilombo, pomwe metastatic akutanthauza kuti khansa yafikamo. Jambulani pepalalo pafoni, ndipo dzina la matenda lilembedwe m'buku. Kenaka funsani kuti chotsatira n'chiyani, liti, kuti.

Nthawi zambiri amabwereranso pamalo paja kukadula mokulirapo, pa melanoma sentimita 1 mpaka 2 kuzungulira malinga ndi kuzama kwake, ndipo pachidendene pangafunike kumatapo khungu lochokera pantchafu. Amajambulanso m'chifuwa, kuunika m'mimba ndi sikani, nthawi zina sikani yaikulu yotchedwa CT, pofuna kuona ngati yapita kutali.

Kwathu kuno timakonda kunong'onezana panja n'kumuuza wodwala kuti ndi kabala chabe. Ife tidayesa zimenezo, azakhali adatiyang'ana n'kunena kuti, "Mwendo ndi wanga, mundiuze." Ndikuona kuti adalondola. Munthu amene sadziwa chimene akudwala savomera opaleshoni yachiwiri, ndipo sasamala za tsiku lobwerera.

Ngati mwanabere sanatupe, funsani za mono woyamba

Khansa ikhoza kukhala mwa mwanabere ikadali yaing'ono moti chala kapena sikani sizingaione. Mu 1992 dokotala wa ku America, Donald Morton, ndi anzake adafalitsa njira yofufuzira zimenezi pa melanoma, yotchedwa sentinel node biopsy. Nzeru yake msodzi aliyense angaimve: pamtsinje wotcheredwa miono ingapo, mukavuula woyamba n'kupeza mulibe kanthu, n'zokayikitsa kuti yakumunsi yagwira.

Amabaya utoto wa buluu m'khungu kuzungulira pamene panali chotupa, ndipo kumene kuli zipangizo amawonjezera mankhwala ena otsatika ndi makina. Utotowo umayenda m'timitsempha tija n'kukadetsa mwanabere woyamba. Ameneyo, kapena awiri atatu, ndiye amachotsedwa kukayezedwa. Mkodzo umasintha mtundu kwa tsiku limodzi kapena awiri, musadabwe. Akapezeka alibe khansa, enawo amasiyidwa, munthu n'kupewa opaleshoni yaikulu, ngakhale kuti kuonedwa kumapitirira chifukwa njirayi nayo imaphonya mwa apo ndi apo. Akapezeka ndi khansa, madokotala amasankha pakati pa kuchotsa otsalawo kapena kumawaunika ndi sikani pafupipafupi.

Imaganiziridwa melanoma ikazama kuposa milimita 1, nthawi zina kuyambira 0.8, ndipo imachitika nthawi imodzi ndi kudula kokulirapo kuja. Choncho funso loti "kodi njirayi ikundiyenera, ndipo ingachitikire kuti?" lifunsidwe opaleshoniyo isanachitike. Kwa amene mwanabere watupa kale, ngati azakhali, njirayi ilibenso ntchito. Pamenepo ndi njira zitatu zija basi.

Akachotsa anabere onse a pamalopo

Khansa ikatsimikizika mwa mwanabere wotupa koma isanapite kutali, amachotsa gulu lonse la m'mphechepeche, m'khwapa kapena mbali ya khosi. Mumadzuka ndi kapaipi kotulutsa madzi, komwe kamakhala masiku angapo. Madzi amatha kudzaunjikananso pansi pa bala n'kufunika kupopedwa, khungu la pafupi limachita dzanzi, ndipo bala la m'mphechepeche limachedwa kupola. Ena, makamaka a squamous cell ya kumutu ndi khosi, amatumizidwanso kukawotchedwa ndi makina. National Cancer Centre ili pa Kamuzu Central pomwepo, ndipo dongosolo la kemo kapena kuwotcha mukalimvera kumeneko.

Walira mvula walira matope. Miono ikachotsedwa madzi amasowa podzera, ndipo mwendo kapena mkono ukhoza kutupa, mwina patapita miyezi, mwina zaka. Si kuti khansa yabwerera, si kulodzedwanso ayi, komabe kutupa kwatsopano kulikonse kukaonetsedwe. Mwendo wotere umadana ndi bala. Usambitseni ndi sopo tsiku lililonse, pukutani pakati pa zala, pakani mafuta kuti khungu lisang'ambike, valani nsapato, ndipo kumunda valani majombo. Pokhala pansi usanjikeni pamwamba, koma kuyenda musasiye. Ukafiira, kutentha n'kuyamba kunjenjemera, ndi za tsiku lomwelo, osati mawa.

Ululu usapiriridwe ngati mwambo. Morphine wakumwa amaperekedwa m'zipatala za boma, ndipo ife a ku Salima tili ndi mwayi wa Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda aakulu amene mayi Lucy Finch adatsegula mu 2007. Anthu amaopa kuti kupita kumeneko ndi kutsanzika. Ayi, kumeneko n'kothandiza ululu, zilonda zonunkha ndi nkhawa za banja, ngakhale munthu akadali pa thandizo lina.

Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira ndi pamene khansa imakonda kubwerera, choncho poyamba amakuitanani pafupifupi miyezi itatu iliyonse. Pakati pa maulendowo fufuzani nokha kamodzi pamwezi: chipsera, khungu lonse la pakati pa chipsera ndi pamene panali anabere, chifukwa timibulu timatha kumera m'njiramo, kenaka khosi, makhwapa ndi mphechepeche zonse. Kunsi kwa phazi onani ndi kalilole kapena wina akuonereni. Achialubino apitirize chipewa cha khonde, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa, ndi mthunzi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, chifukwa amene wadwalapo kamodzi akhoza kumera ina pena.

Azakhali adasankha tsiku loyamba la mwezi, ndipo amene amawaona kuphazi ndi mdzukulu uja wa ku Mbenje, ati alipire mlandu wa foni. Majombo amavala monyinyirika. Madzulo mwendo wakumanja amausanjika pathumba la mpunga, buku la kuchipatala lili m'jumbo pamsomali, tsiku lobwerera ku Lilongwe talilemba ndi makala kuseri kwa chitseko.